Magazi a Nabiyeni

Akandifunsa kumene ndakhala zaka zonsezi ndimasowa poyambira, chifukwa malo onse amene ndinakhalako amabwera m'mutu mwanga ngati malo amodzi: khonde lalitali, chitseko chotseka, ndi benchi ya anthu odikira. Chimasintha ndi nyengo basi, ndi chinenero cha anthu apabenchiwo.

Ndinayambira m'tauni ina yafumbi, yomwe njanji inkadutsa pakati koma sitima inaleka kubwera. Kumeneko kunali chipatala cha njerwa zofiira, ndipo kuseri kwake kunali kachipinda koyezeramo magazi. Ndinali mtsikana wongochoka kumene kusukulu. Anandilandira ndi a Kamtedza, bambo wonenepa wa zala zikuluzikulu koma zofatsa, ndipo iwo ndi amene anandiphunzitsa kutenga magazi.

"Usamayang'ane singano," ankatero. "Uziyang'ana munthuyo. Ukaona kuti wayamba kupuma bwino, baya."

Ndinaphunzira kufunafuna mtsempha ndi nsonga ya chala, pamikono ya alimi youma ngati nkhuni, ndi patimikono ta ana tomwe mtsempha wake umathawa ngati nyongolotsi. Ndinaphunziranso kuzindikira odwala amene chipatala chinalibe nawo chochita. Ambiri anali a zotupa zakuda m'miyendo, miyendo yolemera ngati mitondo. Madokotala ankati ndi khansa ya pakhungu. Ankawapatsa mankhwala opha ululu n'kuwauza kuti akapume kunyumba, ndipo aliyense ankadziwa tanthauzo la kupuma kumeneko.

Tsiku lina ndinafunsa a Kamtedza chifukwa chake thupi limalimbana ndi malungo, limalimbana ndi chimfine, koma khansa limangoiyang'ana.

"Mwina asilikali a m'thupi saiona," anayankha akutsuka timabotolo. "Mwina amaiona koma amaiopa. Ine sindinaphunzire mpaka pamenepo, mwana wanga. Ukafunse kwa eni ake."

Mwa anthu amene tinawatumiza kukapuma munali mayi wina woumba mbiya, wa kumudzi wa tsidya la mtsinje, dzina lake Nabiyeni. Mvula itagwa n'kusiya, ndinawaona pamsika akugulitsa miphika, ataima ndi miyendo yawo iwiri. Ndinayesa ndi mng'ono wawo. Nditayandikira anandizindikira, nakweza chitenje mpaka m'mawondo. Panatsala zipsera zokha.

"Mayi, mwamwa chiyani?"

"Palibe. Nditafika kumudzi ndinatentha thupi moti abale anayamba kutema nkhuni za pamaliro. Kutenthako kutatha, zotupa zija zinayamba kuuma zokha."

Ndinawalondola kumudzi kwawo nditanyamula kabokosi ka ayezi. Ndinawapeza atakhala pamkeka pakati pa mbiya zosawotcha, manja ali dongo lokhalokha. Anasamba m'manja, natambasula mkono.

"Mukupita nawo kuti magazi angawa?"

"Kumzinda, mayi. Ndikukawafunsa chimene anachita."

Anaseka mpaka singano inagwedera. "Akakakuuzani mudzandiuzeko. Nanenso sindidziwa."

Mzindawo unali pamapiri, ndipo m'mawa nkhungu inkatsika mpaka m'misewu. Kumeneko ndinalowa sukulu ya madokotala, koma ine mtima wanga sunali kuwodi, unali kulabu. Ndinaphunzira kuzunguza magazi m'makina mpaka ofiira atakhala pansi, n'kutapa kamzere koyera kotsala pamwamba. Ndinaika diso pamaikulosikopu ndipo asilikali aja ndinawaona ndekha: timadontho tozungulira, toyenda mwaulesi ngati nkhosa padzuwa. Sindinakhulupirire kuti moyo wa munthu umadalira tinthu timeneto.

M'mzinda momwemo ndinakumana ndi Dalikeni, mphunzitsi wa masamu wokonda kuimba akamasita malaya. Tinakwatirana, ndipo tinabereka mwana wamkazi, Ndaziona. Ndinkamuyamwitsa m'mawa n'kuthamangira kulabu mkaka ukudontha m'bulauzi.

Nyengo ina ya tchuthi magetsi anazima, jenereta inalibe mafuta, ndipo titabwerera tinapeza filiji ikununkha. Zonse zimene ndinasunga zinali zitaola. Ndinakweranso basi, ndinawolokanso mtsinje. A Nabiyeni anali pamkeka womwe uja, koma m'mutu mutayamba imvi.

"Aja anatha?"

"Anawonongeka, mayi."

"Musanawafunse?"

"Ndisanawafunse."

Anasamba m'manja, natambasula mkono winawo.

Ndinabweranso kachitatu pamene anthu a kutsidya la nyanja anamva za ntchito yanga n'kundiitana. Ulendo umenewo ndinatenga timabotolo tambiri, moti a Nabiyeni atadzuka anazandima, ndipo ndinawagwira. Anandipatsa kamphika kakang'ono koti ndizikaphikira ndiwo. Kanasweka m'ndege.

Kwa Dalikeni ndinati ndikakhala dzinja limodzi lokha. Anandiperekeza atanyamula Ndaziona paphewa, mwanayo akubaibitsa anthu ena osati ine.

Dziko limenelo linali lozizira. Dzuwa linkatuluka ngati mlendo wamanyazi, ndipo chisanu chinkagwa choyera ngati ufa mpaka kukwirira magalimoto. Mkulu wa labu anali Pulofesa Marlow, munthu wamtali wowerama, wosakonda kulankhula. Tsiku loyamba ananditengera kuchipinda chapansi kumene kunali mbewa zoyera za maso ofiira, m'timabokosi tagalasi kuyambira pansi mpaka kudenga. Kwathu mbewa timakumba kumunda n'kuotcha. Kumeneko zinali ndi dokotala wakewake.

Ndinaphunzira kubzala khansa pansi pa khungu la mbewa n'kuidikira kuti imere. Ndinaphunzira kuyeza chotupa, kutenga magazi kumchira, ndi kupha mbewa mwachangu kuti isamve. Manja anga anazolowera. Dzinja linatha, linabwera lina, linabweranso lina, ndipo nthawi zonse ndikaimba foni kwathu ndinkati kwatsala pang'ono.

Chimene tinapeza ndi ichi. Asilikali a m'thupi khansa amaiona ndithu. Amafika pomwe ili, n'kuikhudza. Koma iyo imawagwira penapake, monga mmene mayi amasisitira mwana pamsana, ndipo iwo amagona. Amangokhala pambali pake ali mtulo, khansayo ikudya munthu. M'magazi a Nabiyeni munali kanthu kena kamene kankatchinga pamalo pogwiridwapo, moti asilikali awo sankagona. Kutentha thupi kuja ndi kumene kunakadzutsa. Kukapatula kanthuko ndi kuphunzira kukapanga tokha kunatitengera zaka zimene sindinaziwerenge. Ndimangodziwa kuti ndinalowa m'chipinda chija ndikuona bwino, n'kutulukamo nditavala magalasi.

M'mawa wina ndinatsegula kabokosi ka mbewa zimene tinazibaya mankhwalawo, n'kupapasa pamsana pa yoyamba. Chala changa sichinapeze kanthu. Ndinatenga ina, chimodzimodzi. Ndinaitana Pulofesa. Anapapasa yekha, anavula magalasi, nakhala pansi penipeni, pasimenti, munthu wamkuluyo.

"Zatheka," anatero. "Imbira kwanu, uwauze."

Ndinaimba. Anayankha ndi mawu a mkazi amene sindinkamudziwa, kenako ndinamva akuitana Ndaziona.

"Ndani?" anafunsa mwanayo. Mawu ake anali atakula.

"Ndine mayi ako."

"Amayi ali pompano, akuchapa."

Dalikeni anatenga foni. Sanakalipe. "Make Ndaziona, tinadikira," anatero. "Mwanayu amafunika munthu womuluka tsitsi. Mawu a mufoni saluka tsitsi."

Za mbewa sindinamuuze. Ndinabwerera kuchipinda chapansi, ndinazipatsa madzi.

Kuchokera pamenepo ndinayenda m'mizinda yambiri, ndipo yonse inali yofanana: bwalo la ndege, hotela, holo yaikulu ya kapeti yofewa, anthu ovala zakuda akuomba m'manja. Mankhwala aja anayesedwa pa anthu. Ankawapatsa mudiripi. Sankachiza onse, koma ambiri amene madokotala anali atawauza kuti akapume anadzuka n'kubwerera kuntchito. Kampani ina yaikulu inawatenga, n'kuwapatsa dzina limene lilime langa limapunthwa nalo mpaka lero. Pulofesa analandira mphotho, ndipo polankhula ananditchula mwaulemu, sindingamunamizire. A Nabiyeni ankawatchulanso, m'holo iliyonse, ndi mawu omwewomwewo: mayi wina wa ku Africa.

Mumzinda wina, msonkhano utatha, bambo wina wachikulire anandidikira pakhomo. Anati anali dalaivala wa basi, ndipo khansa inali itamudya mapapo onse awiri. Anandigwira manja onse, nawaika pachifuwa pake.

"Tamvani," anatero. "Ndikupuma. Mdzukulu wanga wabadwa ine ndilipo."

Analira, nanenso ndinalira. Zimenezo sindikana. Alipo anthu lero, ambirimbiri, amene akanakhala m'manda, koma akuyenda chifukwa cha ntchito ya manja anga.

M'holo iliyonse ndinkafunsa kuti mankhwalawa adzafika liti kwathu. Ankandiyankha akumwetulira: posachedwa. Mzinda wotsatira ndinkafunsanso, munthu wina wa tayi ina, yankho lomwelo. Kenako ndinazindikira kuti ayamba kundipewa nthawi ya tiyi.

Ndinabwerera kwathu m'mutu muli mbuu. M'tauni yafumbi ija ndinamva kuti a Kamtedza anamwalira kalekale. Pabenchi ya kuchipatala anthu anali atadzaza mpaka ena kukhala pansi. Ndinawoloka mtsinje.

A Nabiyeni anali atakalamba, maso atachita khungu. Kuumba anasiya, poti anthu anayamba kutunga madzi m'zidebe zapulasitiki. Pakhonde panagona mwamuna wowonda, atagwira chitini. Anali mwana wawo womaliza, Kefasi, wa kabaza, bambo wa ana ang'onoang'ono. Mkazi wake, Esinta, anandiuza chapansipansi kuti chakudya chinayamba kukana kutsika: poyamba nyama, kenako phala, tsopano ngakhale malovu, n'chifukwa chake ankalavulira m'chitinimo. Kuchipatala anati ndi khansa ya pammero, ndipo anamuuza kuti akapume.

A Nabiyeni anandizindikira ndi mawu. Anandipapasa kumaso ndi zala zawo zokhakhala.

"Mwakalamba, mwanawe. Anakuuzani magazi aja?"

"Anandiuza, mayi."

Ndinawafotokozera zonse, za asilikali ogona, za kanthu ka m'magazi awo, za mbewa, za dalaivala wa basi. Anamvetsera akugwedeza mutu, nkhope ikuwala.

"Wamva, Kefasi? Ndinkakuuza ine." Anatembenukira kwa ine. "Ndiye mwabwera nawo mankhwalawo."

"Ayi, mayi. Kuno sanafike."

"Mwati achiza anthu ambiri."

"Ambiri."

"A kuti?"

Kefasi analavulira m'chitini.

Ndinapita kulikulu. Tsopano wokhala pabenchi ndinali ine. Ofesi ina inanditumiza ku ofesi ina, ndipo kulikonse ankandilandira bwino akamva dzina langa, kundipatsa tiyi, kundijambula, n'kundiuza kuti nkhaniyi aiganizira. Ndinaimbira Pulofesa Marlow, amene anali atapuma pantchito ndipo ankamva movutikira. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kunena kuti ayesa. Anayesadi. Kampani ija inavomera kutumiza bokosi limodzi, la wodwala mmodzi, mwachifundo. Inati liyenera kufikira kuchipatala chachikulu, kumene kuli filiji yodalirika ndi madokotala odziwa kuyang'anira diripiyo.

Tinamunyamula Kefasi pamatola. Anamugoneka m'wodi ya abambo, Esinta akugona pansi pambali pa bedi. Tinadikira, iye akumka nawonda. Bokosi litafika ndinapita kukaliona ndi maso anga m'filiji. Ndinaligwira, linali lozizira bwino. Ndinabwerera kuwodi ndikuthamanga ngati mtsikana.

"Achimwene, mawa," ndinamuuza.

Mawa lake mkulu wa chipatala anandiitana. Anali mmodzi mwa amene ndinaphunzira nawo mumzinda wa nkhungu uja, koma tsiku limenelo anandiitana kuti amayi, ndipo ankayang'ana pazenera.

"Amayi, zinthu zasintha pang'ono."

"Zasintha bwanji?"

"Kuwodi yapamwamba kuli munthu wamkulu. Matenda ake ndi omwewa. Abale ake amva za bokosi lija." Maso ake sanachoke pazenera. "Lamulo lachokera kumwamba. Ine sindingakane."

"Bokosilo lili ndi mwini wake. Lapangidwa kuchokera m'magazi a mayi ake!"

"Ndikudziwa. Koma wodwala wanuyo wafooka kale. Mwayi wake ndi wochepa, winayu akadali ndi mphamvu. Inunso mukudziwa zimenezi kuposa ine."

Chinandipweteka koposa n'chakuti sankanama. Kefasi anafooka akudikira, ndipo ndinali nditaona ndekha mmene mankhwalawo amalepherera pa anthu ofooka chotero. Komabe ndinakuwa. Ndinakwera masitepe mpaka kuwodi yapamwamba, ndipo pakhomo pake ndinapeza amuna awiri a masuti amene anandibweza mwaulemu, wina atandigwira pachigongono ngati akuwolotsa gogo pamsewu. Ndinaimba foni kulikonse kumene ndinkadziwa. Pofika masana diripi inali itayamba kale kudontha mumkono wa munthu wina.

Ndinatsika. Kefasi anali atasamba, Esinta atamuveka malaya ochapa.

"Adokotala, ndi lero?"

Ndinakhala pamphepete pa bedi. Anandiyang'ana kanthawi, kenako anayang'ana mkazi wake.

"Longedza, Esinta," anatero. Kwa ine anati, "Tiperekezeni kwathu. Ndikufuna ndikagone pomwe amayi angandikhudze."

Kumudzi kuja ndinaphunzira ntchito imene sukulu zonse zija sizinandiphunzitse. Esinta anandionetsa kunyowetsa kansalu n'kumupukuta milomo, poti madzi sankatsikanso. Ndinaphunzira kumutembenuza kuti asachite zilonda, kuthamangitsa ntchentche, ndi kukhala chete. A Nabiyeni ankakhala kumutu kwake akumusisita pachipumi. Anamwalira chimanga chikuchita ngaiyaye, dzuwa lili paliwombo, ana ake akusewera kuseri kwa nyumba.

Maliro atatha ndinapita kukatsanzika. Ndinayembekezera kuti anditukwana, ndipo mwina zikanandipepukira. Anandigwira dzanja.

"Mwanawe, sindikukuthamangitsani ndi mkwiyo. Munayesetsa, Esinta wandiuza. Koma musadzabwerenso. Nthawi zonse mukafika pakhomo pano, pamachoka kanthu."

Ndinawamvera. Sindinawolokenso mtsinje umenewo.

Ndinapita m'tauni ina ya minda ya tiyi, kumene ndinkaphunzitsa achinyamata a mulabu kufunafuna mtsempha ndi kuzunguza magazi. Za mizinda ya makapeti sindinkawauza. Nyengo yokolola itadutsa, galimoto yakuda inaima pakhomo la labu. Dalaivala anatsika, navula chipewa, nati abwana aja a kuwodi yapamwamba achira, akonza phwando lothokoza Mulungu, ndipo alamula kuti asabwerere popanda ine. Ndinafuna kukana. Koma mumtima mwanga munali kanthu kena, kouma, ka munthu amene wakhala moyo wake wonse akudikira zotsatira. Ndinkafuna ndikaone. Ndinakwera.

Kunali tenti yoyera yaikulu pakapinga, kwaya ya amayi a yunifolomu, ndi abusa angapo. Munthu wamkuluyo anali atakhala kutsogolo, suti ikumukhuthukira, kamdzukulu kali pamiyendo pake kakusewera ndi tayi. Sanali chilombo chimene ndinkachiganizira. Anali nkhalamba yowonda ya maso onyowa. Anaimirira kuti alankhule. Anathokoza Mulungu, anathokoza madokotala, kenako anandiitana kutsogolo.

"Uyu ndi mwana wa dziko lino," anauza khamulo atandigwira phewa. "Anapita kunja, anakagwira ntchito, ndipo lero ine ndili moyo. Ana athu aakazi atengere chitsanzo."

Anthu anaomba m'manja, amayi analuluta. Anandikhazika pambali pake.

"Bwana," ndinatero chapansipansi, "mankhwala amene munalandira aja anabwerera munthu wina. Dzina lake anali Kefasi."

Anandiyang'ana. Sindinathe kudziwa ngati ankamva koyamba kapena ayi.

"Anandiuza kuti panali wina amene zinali zitamuvuta kale," anatero. "Pepani kwambiri. Mundiuze kumene kuli banja lake, tidzaonapo chochita." Anatembenuka, poti mdzukulu uja anali kumukoka tayi.

Chakudya chinabwera. Mkazi wake anamuikira nyama ya mbuzi m'mbale, n'kuiduladula tizidutswa ting'onoting'ono monga anazolowera nthawi ya matenda. Iye anakankha dzanja la mkaziyo akuseka, nasankha nthuli yaikulu ndi zala. Anatafuna pang'onopang'ono.

Ine maso anga anali pakhosi pake. Ndinkafuna atsamwe, akhosomole mpaka misozi pamaso pa abusa ndi kwaya yonse. Ndipo nthawi yomweyo, ndi mtima womwewo, ndinkafuna ameze, chifukwa kummero kwakeko kunali unyamata wanga, banja langa, mwana wanga, zonse zimene ndinapereka kuti chinthu chimenechi chitheke.

Anameza. Nyamayo inatsika bwinobwino, popanda chotsekereza. Anamwera madzi, anageya, natenga nthuli ina.

Aliyense anaomba m'manja. Ndinapeza kuti nanenso ndikuomba.